Thiranki Yanga Pamutu pa Amayi Aang'ono

Kalata yondiitana ku koleji ya ku Lusaka inabwera ndi mapepala atatu. Loyamba linali londiuza kuti anditenga. Lachiwiri linali mndandanda wa zinthu zoti ndigule. Lachitatu linali fomu yopemphera malo ogona ku hositelo, ndipo pamwamba pake analembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti ibwezedwe pasanathe milungu iwiri chifukwa mabedi ndi ochepa. Atate anawerenga onse atatu atakhala pakhonde la nyumba yathu ku Kafue, magalasi ali kunsonga kwa mphuno. Awiri oyambawo anandibwezera. Lachitatu analipinda kanayi n'kuliika m'thumba la jekete.

"Iyi ndi ya ana amasiye," anatero. "Iwe uli nawo atate ako aang'ono ku Lusaka."

Atate anabadwira kum'mawa. Anabwera ku Kafue ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji, kenako anasamukira ku fakitale ya feteleza komwe anakhalako mpaka kupuma. Zaka zonsezo anamwa madzi a Kafue, anakwatira mwana wa msodzi wa ku Chanyanya, koma Kafue sanawalowe m'mutu ngakhale pang'ono. Ife ana tikayankhula Chinyanja chathu cha m'tauni ankatiyang'ana ngati tawaponda chala. Kwa iwo mwana wa mbale wako ndi mwana wako, basi, palibenso zokambirana. Mng'ono wawo, amene ndimati atate aang'ono, anamusunga m'nyumba mwathu zaka zitatu ine ndisanabadwe, akugona pabalaza, mpaka anapeza ntchito ku Lusaka. Ankabwera nthawi ya Khirisimasi pa galimoto yonyezimira, atatitengera mabisiketi. Tsiku lina pamaliro a wachibale, ine ndili ku sekondale, anandigwira pamutu n'kunena pamaso pa anthu kuti, "Uyu akapasa munitumile, ni mwana wanga." Anthu amanena zambiri pamaliro. Atate mawu amenewo anawasunga ngati chikalata cha nyumba.

Amayi ndiwo anayesa kulimbana nawo.

"Mubatumileko chabe foni," anatero akusenda anyezi. "Lusaka si kumunzi. Mubafunse ngati malo yaliko."

"Ndipemphe malo kwa mwana amene ndinamuphunzitsa kumanga zingwe za nsapato?" atate anayankha. "Kufunsa mbale wako ngati ali ndi malo n'kumutukwana, amake mwana. Ndiye kuti ukumukayika. Chibale ndi fupa, sichiola."

"Fupa si bedi," amayi anatero chapansipansi, koma anali atatembenukira kale kumphika.

Ine ndinkafuna hositelo. Ndinkaifuna ndi mtima wanga wonse, osati chifukwa chodana ndi abale, koma chifukwa ndinkadziwa kuti popanda pogona ku Lusaka palibe koleji. Kafue ndi Lusaka n'zoyandikana ukamaona pa mapu, koma kukwera minibasi m'mawa ndi madzulo tsiku lililonse sitikanakwanitsa ngakhale mwezi umodzi ndi penshoni ya atate. Ndinayamba kuwerenga masiku. Jekete ija inkapachikidwa kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwawo, ndipo tsiku lina masana, iwo atagona pampando panja, ndinalowa n'kupisa dzanja m'thumba. Pepala ndinalikhudza. Nthawi yomweyo anatsokomola panja paja, ine dzanja n'kulichotsa ngati ndagwira chitsulo chamoto. Ngakhale ndikanalitenga, pansi pake panali mzere woti kholo lisayinepo. Milungu iwiri inatha ine ndikuyang'ana chitseko.

Zotsalazo zinayenda monga zimayendera mwana akamachoka pakhomo. Tinagula thiranki yachitsulo yabuluu pamsika, munthu wolemba zikwangwani wa pafupi ndi siteshoni ya sitima n'kundilembera dzina ndi penti yoyera, kuphatikizapo duwa limene sindinamupemphe. Azimayi oyandikana nafe anabwera mmodzimmodzi kudzandilangiza za anyamata a ku Lusaka, ngati kuti a ku Kafue ndi angelo. Abale a amayi ku Chanyanya anatumiza panjinga mtolo wa nsomba zouma, milamba ikuluikulu yakuda ndi utsi, yokulungidwa m'thumba la saka. Atate anaumanganso okha ndi chingwe, nanena kuti imeneyo ndi ya pakhomo la mng'ono wawo, wina asaikhudze. Foni anaimba ndithu, koma anangonena kuti, "Tibwera Lolemba." Sananene kuti tikubwera kudzatani. Kwa iwo zinali zodziwikiratu.

Tinanyamuka m'mawa kukuzizira, utsi wa ku mafakitale utagona pamwamba pa nyumba. Atate anavala suti yawo yopitira ku tchalitchi. Kondakitala wa minibasi ataona thiranki ndi mtolo uja anagwira m'chiuno.

"Ba mudala, iyi nsomba izanipishila makasitoma, bazathaba!"

"Makasitoma ako sadya nsomba?" atate anamufunsa, n'kukhala pampando mtolo uli pamiyendo.

Njira yonse anaufungatira choncho. Tinadutsa mapiri, tinadutsa fumbi loyera la ku Chilanga, magalimoto n'kuyamba kuthithikana. Ine ku Lusaka ndinali nditapitako kangapo, koma tsiku limenelo mzinda unandionekera wina chifukwa ndinkaufunafuna pogona. Nyumba iliyonse yosanja imene tinkadutsa ndinkaiyang'ana mawindo. Mu tauni tinatsika n'kukwera basi ina yopita kukomboni kumene atate aang'ono anati anasamukira, ndipo atate anadabwa pang'ono chifukwa nyumba imene ankaidziwa iwo inali mbali ina ya mzinda.

Tinawapeza atate aang'ono atatidikirira pamsewu, wapansi, atavala masilipasi. Galimoto sindinaione. Linali Lolemba, dzuwa litakwera, nthawi yoti munthu wa pantchito ali pantchito. Ine ndinazindikira pomwepo kuti ntchito inawathera. Atate ngati anazindikira sanaonetse. Anapatsana moni wautali, kufunsana za aliyense mpaka za anthu amene anamwalira kale, ife n'kuyamba kuyenda m'tinjira ta pakati pa nyumba, tikulumpha ngalande za madzi akuda, thiranki titagwirizana uku ndi uku.

Nyumba inali ya zipinda ziwiri, kumapeto kwa mdadada wa zitseko zisanu ndi chimodzi. Pakhomo panali mulu wa nsapato za ana, zambiri kuposa ana amene ndinkawadziwa. Mkati, matiresi atatu opyapyala anali ataimikidwa kukhoma, kuseri kwa mipando. Kuchipinda kunkamveka munthu wachikulire akutsokomola. Amayi aang'ono, mkazi wa atate aang'onowo, anatuluka akupukuta manja, nagwada pansi mpaka kutsamira khoma.

"Mwabwela, balamu. Mwayenda bwanji? Kunyumba bonse bali bwino?"

Pocheza zinatuluka zokha, chimodzichimodzi. Otsokomolawo anali amayi a amayi aang'onowo, amene anawatenga kumudzi chifukwa cha matenda. Atatu mwa ana a pakhomopo anali a mchemwali wawo womwalira. Atate ankagwedeza mutu, akunena kuti, "Mwachita bwino, ndiwo umunthu," osaona kuti mawu aliwonse akundichotsera malo. Thiranki yanga anaiika pafupi ndi chitseko, mtolo wa nsomba pamwamba pake. Palibe anati ilowe kuchipinda.

Anatiphikira nkhuku. Sindidziwa anaipeza bwanji, ndipo mpaka lero ikandibwerera m'maganizo imandiwawa, chifukwa ana anawathamangitsira panja kuti ife tidye. Abale awiriwo anakamba za mvula ya kum'mawa, za magetsi ozimazima, za mitengo ya ufa, za mpira. Anazungulira dziko lonse kupatula pa thiranki imene inali pamaso pawo. Atate sakanati, "Ndabweretsa mwana adzakhale," chifukwa kutero n'kupempha. Atate aang'ono sakanati, "Malo palibe," chifukwa mkulu wako amene anakusunga sumukana pakamwa. Ine, mwiniwake wa nkhani, ndinali pansi pamphasa miyendo nditawongola, wopanda chilolezo chotsegula pakamwa akulu akuyankhula. Ndinkafuna kukuwa.

Titasamba m'manja, atate anakonza kukhosi n'kuyamba kundilangiza pamaso pawo.

"Mayi, pano ndi pakhomo pako. Uzidzuka m'mawa, uziwathandiza amako awa. Usamadikire kutumidwa. Ukachimwa akukwapule, ine sindidzafunsa."

Ndinati, "Inde, atate." Amayi aang'ono anali akuyang'ana pansi, chala chikutsata mzere wa simenti yosweka. Atate aang'ono anatenga foni yawo n'kuiyang'ana, koma inali yozima.

Kenako atate anaimirira n'kunena kuti abwerere, Kafue ndi kutali. Kwathu mlendo sachoka yekha. Umamuperekeza mpaka pamsewu, ndipo katundu wake umamunyamulira ndiwe mwininyumba, iye n'kumayenda manja ali lende. Tonse tinaimirira. Amayi aang'ono analowa kuchipinda, natuluka ndi chitenje chakale, n'kuyamba kuchipota kuti chikhale nkhata. Ndinkawayang'ana osamvetsa, chifukwa atate analibe katundu. Anamasula mtolo wa nsomba, natengapo ziwiri zokha kuti asatichititse manyazi, naumanganso n'kuupereka kwa amuna awo. Ndiye anaika nkhata pamutu, nawerama pambali pa thiranki yanga, n'kundiyang'ana ine.

"Nitwikeko, mwana wanga."

Ndinayang'ana atate. Milomo yawo inatseguka pang'ono, n'kutsekekanso. Mawu oti "isiyeni, imeneyo itsala" anali pafupi, ndinawaona, koma kuwatulutsa kukanakhala kupempha kumene anakana kuchokera ku Kafue. Atate aang'ono anali atatuluka kale panja ndi nsomba. Mkulu akakutuma sukana. Ndinagwira chogwirira cha mbali yanga, iwo cha mbali yawo, ndipo ndinawasenzetsa ndekha thiranki yanga.

Tinabwerera m'tinjira tomwe tija, amayi aang'ono patsogolo, dzina langa ndi duwa lija zikugwedezeka pamwamba pa mitu ya anthu. Aneba ankatipatsa moni mwaulemu, akuona banja labwino likuperekeza alendo ake. Palibe anatukwana, palibe anakweza mawu, palibe ngakhale anati ayi. Ndinali ndi mkwiyo woti ndikanaluma munthu, koma wouika pa ndani? Mayi amene khosi lake linkanjenjemera ndi katundu wanga anali atatipatsa nkhuku ana ake akuyang'ana pazenera.

Pamsewu ndinawatula. Anandigwira mkono n'kundikokera pambali, maso ali jenjenje ndi misozi.

"Usanizonde, usadane na ine, mwana wanga. Waona weka mwamene tilili. Nikuike kuti?"

Atate aang'ono, akuwabwezera atate mtolo wa nsomba, anayamba kuti, "Akulu, vintu vikankalako bwino..." koma atate anawadula mofatsa.

"Mwatilandira bwino. Tsalani, muwapatse moni odwalawo."

Tinakwera basi. Titafika mu tauni ndinaganiza kuti tikwera ya ku Kafue, ndipo ndinayamba kale kuona nkhope za azimayi aja ondilangiza atandiona ndikubwera ndi thiranki tsiku lomwelo. Koma atate anafunsa munthu wogulitsa nthochi kumene kuli mabasi opita ku koleji. Tinafikako dzuwa litapendeka. Pabwalo panali podzaza ndi ana a anthu, ena akutsitsa matiresi m'magalimoto, ena akukumbatirana, onse akuoneka kuti akudziwa chitseko chawo. Tinaima pamzere wa ku ofesi ya zogona pafupifupi ola lathunthu. Itafika nthawi yathu, atate anavula chipewa, napisa m'thumba la jekete n'kutulutsa fomu ija. Inali itafewa m'mapindo, yosalembedwa ngakhale chilembo chimodzi. Anaiwongola patebulo ndi manja onse awiri.

Mayi wa mu ofesiyo sanali woipa, anali wotopa chabe. Anayang'ana pepala, nayang'ana atate.

"Batata, iyi inasila kudala. Mabedi yonse yanapita. Onani aba bonse bali pa mundandanda, bayembekeza. Munali kuti?"

Atate akanati anali kuti? Anapinda fomu kanayi monga poyamba, nathokoza, ife n'kutuluka.

Tinakakhala kuseri kwa hositelo ya atsikana, pafupi ndi zingwe zoyanikira zovala, ine pa thiranki, iwo pa njerwa. Suti yawo yonse inkanunkha nsomba. Ndinkayembekeza kuti anene chochita, chifukwa moyo wanga wonse iwo ndiwo ankanena chochita, koma ankangotembenuza chipewa m'manja. Ndipamene mantha enieni anandigwira. Ndinalira, osati mokweza, misozi yokha ikugwera pa siketi yatsopano. Ndinali nditakhoza mayeso, kalata ndinali nayo, chipata ndinali nditalowa, ndipo zonsezo zinkatha chifukwa cha bedi.

Mtsikana wina wamtali amene ankanula zovala pachingwe anaima n'kununkhiza m'mwamba.

"Izo ni nsomba za ku Kafue?"

Ndinagwedeza mutu. Anati iye ndi wa ku Mazabuka, ali m'chaka chachiwiri, ndipo fungo limenelo angalidziwe ngakhale atatseka maso. Anayang'ana thiranki, nayang'ana nkhope yanga, osafunsanso zambiri. Zikuoneka kuti anali ataonapo anthu okhala pa thiranki.

"Ulibe bedi, ai? Ungasikwate kuli ine."

Atate anadzutsa mutu. "Kutani?"

Anawafotokozera bwinobwino ngati akuphunzitsa mwana. Kusikwata ndiko kugona awiri pa bedi la munthu mmodzi, wina mutu uku, wina mutu uko. Ambiri amatero, ngakhale malamulo salola. Thiranki imalowa pansi pa bedi. Oyendera zipinda akamabwera, wosikwatayo amatenga ndowa n'kupita kubafa mpaka atadutsa. Dzina lake silikhala pachitseko ndipo kiyi sakhala nayo.

"Ine sinikonda munthu wauve na wokuba," anamaliza choncho. "Vinangu tizaonana."

Ndinadikira kuti atate akane. Awa ndi anthu amene anati hositelo ndi ya ana amasiye, ndipo apa ankauzidwa kuti mwana wawo azibisala kubafa ngati wakuba, kumapazi kwa munthu amene sakumudziwa ngakhale mfunda wake. Anaimirira pang'onopang'ono. Kenako, mu suti yawo ya ku tchalitchi, pa dothi lonyowa ndi madzi ochapira, anagwada pansi pamaso pa mtsikana uja n'kuyamba kuwomba m'manja, mwa kwawo, manja atafumbata.

"Amayi, mundisungireko mwana."

Mtsikanayo anagwetsa zovala. "Iyayi batata, nyamukani! Nyamukani, bantu batamba!"

Anthu ankayang'anadi. Atate sanafulumire. Anamaliza kuwomba, natenga mtolo wa nsomba umene anaufungatira kuchokera ku Kafue, n'kuupereka kwa iye ndi manja awiri. Ine ndinayang'ana kumbali. Ndinali ndisanawaonepo atate anga ali pansi pamaso pa munthu, ndipo ngakhale ndinali nditapeza pogona, sindinamve chimwemwe chilichonse. Ndinamva chisoni chokhachokha, ndi manyazi oti zonsezi n'chifukwa cha ine.

Amuna saloledwa kulowa mu hositelo ya atsikana, choncho anatidikira panja ife tikukweza thiranki pa masitepe. Bedi linali laling'ono kuposa langa la kunyumba. Thiranki inalowa pansi pake mokakamiza, dzina langa litayang'ana kukhoma. Nditatsika ndinawapeza ataima pomwe ndinawasiya, jekete atavula, akupukuta matope pa bondo la buluku ndi mpango.

Ndinawaperekeza kumsewu. Analibe katundu woti ndiwanyamulire, ndiye ndinapempha jekete, iwo n'kundipatsa. Tinayenda mpaka pokwerera basi, ine jekete ili pamkono, iwo manja ali lende monga ayenera kuyendera mlendo. Ndinkafuna kuwauza kuti sindinakwiye, koma likanakhala bodza. Ndinkafunanso kuwauza kuti ndakwiya, koma munthu sumenya amene wagwa kale.

Basi itaima anatenga jekete yawo, napisa m'thumba, n'kundiika fomu ija m'dzanja.

"Ya chaka chamawa ukalembe wekha, mayi. Ukangondibweretsera ndisayine."

"Inde, atate."

"Amako ndikawauza ndekha. Iwe usayambe ndiwe."

Anakwera. Kondakitala anawakankhira kumpando wakumbuyo, pakati pa anyamata awiri ovala zomvera nyimbo m'makutu, ndipo pawindo ndinangoona chipewa chawo. Sanatembenuke. Ndinaima pamenepo ndi pepala lopanda ntchito m'manja mpaka basi inasowa pakati pa magalimoto ena, kenako ndinabwerera kukagogoda pachitseko chimene panalibe dzina langa.